NTHENDA YA TIMADONTHO TOYERA PA NSOMBA

 Lero tikamba za nthenda ya nsomba. Tiyamba ndi nsomba za kutali, za m'nyanja zamcere, koma mau ace afika mpaka ku dziwe lanu.

Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan anthu ambiri amaweta nsomba zokongola za m'nyanja zamcere m'matanki a magalasi. Nsombazi sadya ai, amangokondwa kuziona, ndipo amazigula ndi ndarama zambiri. Mdani wao wamkuru ndiye kacirombo kakang'ono kochedwa Cryptocaryon irritans, dzina limene Eleanor Brown anakapatsa m'caka ca 1951. Kameneka kamaboola khungu la nsomba ndi kukhala m'kati, monga acitira matekenya ku phazi la munthu. Nsomba yodwala imaoneka ngati yawazidwa mcere. Imadzikhula ku miyala, imaleka kudya, ndipo tizirombo tikalowa m'ziwalo zace zopumira imabanika ndi kufa.

Tsono mvetsetsani makhalidwe a kaciromboka. Kamadya pa nsomba masiku 3 kufikira 7, pamenepo kamagwa pansi ndi kudzitsekera m'kacikopa kolimba. Mwini nsomba poona kuti madontho acoka amati nthenda yatha. Iai, siinathe. Pansi pomwepo kacirombo kamodzi kamagawikana ndi kuswa ana ofika 200. Kawirikawiri anawo amaturuka asanathe masabata anai, koma ena anaoneka akucedwa kufikira masiku 72. Akaturuka ayenera kupeza nsomba pa tsiku limodzi kapena awiri, akaisowa amafa. Inu oweta ng'ombe mudziwa kale zotere, pakuti nkhupakupa nayo ikakhuta imagwa ndi kuikira mazira m'udzu.

Mankhwala sapha kacirombo kali m'khungu, ngakhale kali m'cikopa cace pansi. Amapha ana okha amene ali kusambira. Cifukwa cace oweta ocenjera amacotsa nsomba zonse ndi kuziika m'tanki ina yopanda miyala ndi mcenga. M'menemo amathira mankhwala a mkuwa mwa muyeso, kapena kucepetsa mcere wa m'madzi, kwa masabata angapo osadumphitsa. Tanki yakale amaisiya yopanda nsomba masabata 6 kufikira 11 kuti tizirombo tife ndi njala. Ndipo nsomba iri yonse yatsopano amayamba aisunga payokha mwezi wathunthu.

Kapena mukuti, nanga ife izi zitikhudza bwanji, popeza kwathu kuno kulibe nyanja yamcere? Zoonadi kacirombo aka sikangakhale m'madzi athu. Koma kali ndi mnzace wa m'madzi opanda mcere, Ichthyophthirius, amene amagwira nsomba za m'maiwe monga makumba, cilunguni ndi mlamba. Madontho ace ndi omwewo, makhalidwe ace ndi ofanana, ndipo mmodzi angathe kuswa ana mazanamazana. M'madzi ofunda amaswana m'sabata imodzi. M'madzi ozizira amacedwa. Nthenda imeneyi siigwira anthu, koma ingathe kutha dziwe lonse, makamaka nsomba zikathithikana kapena zikatopa ndi ulendo.

Motero kumbukirani zinthu zinai izi:

1. Mukagula ana a nsomba, musawathire msanga m'dziwe lalikuru. Asungeni m'kadziwe kapadera masabata atatu kapena anai, ndipo muziwayang'ana. Paja cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

2. Mukatha kukolola, phwetsani dziwe kuti matope aume mpaka ang'ambike, ndipo wazanimo laimu musanathire madzi ena. Dzuwa ndi laimu zimapha tizirombo tobisala pansi.

3. Ukonde ndi ndowa zobwereka kwa mnzanu ziyambe zauma pa dzuwa musanaziviike m'dziwe lanu.

4. Mukaona madontho oyera, itanani mlangizi wa za nsomba tsiku lomwelo. Mcere umathandiza pa nthenda ya m'madzi athu, koma iye ndiye akuuzeni muyeso wace. Mankhwala a mkuwa musathire nokha, pakuti akapyola pang'ono amapha nsomba zomwe.

Inu mafumu, nchito yanu pano ndi yaikuru. Maiwe ambiri m'midzi amamwa mfuleni umodzi, ndipo madzi oturuka m'dziwe la kumtunda amalowa m'dziwe la kumunsi. Mlimi mmodzi akabisa nthenda, bvuto lace lifika kwa anzace onse, monga akuru anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Sonkhanitsani anthu anu mupangane kuti dziwe liri lonse likhale ndi polowera madzi pace ndi poturukira pace, kuti nsomba zakufa zizikwiriridwa m'dzenje osati kutayidwa kumtsinje, ndi kuti mwini dziwe lodwala asagulitse ana a nsomba kufikira mlangizi atabvomereza.

Mukasunga mau awa, nsomba zanu zidzakula bwino, ndipo ndiwo ndi ndarama sizidzasowa pakhomo. Tsalani bwino nonse.