Dzina Lanu M'kaundula wa Ndege

Tsiku lina mayi ena a m'kalasi lathu adabwera ndi pepala m'manja. Mwana wao wa ku Johannesburg adaŵakonzera ulendo wa pa ndege kuti akaone chidzukulu. Papepalapo padali zilembo zosakanikirana ndi manambala. Mayiwo adati, "Aphunzitsi, kuŵerenga ndikudziŵa tsopano, koma izi zandikanika." Tidakhala pansi ndi kuŵerenga pamodzi. Zimene tidapeza tsikulo ndizo ndikufuna kukuuzani, chifukwa maŵa pepala lotere likhoza kufika kwa inu.

Kusiyana kwa basi ndi ndege

Pokwera basi mumangofika pa depoti, kulipira, ndi kuloŵa. Kondakitala safunsa dzina lanu. Pa ndege si choncho ai. Mpando uliwonse amasungira munthu wodziŵika dzina, ulendo usanafike. Tsono payenera kukhala kaundula wosunga maina onsewo.

Kale kaundulayu adali wa makadi. Kalaliki amalemba dzina la munthu pa khadi ndi kuliika m'bokosi. Anthu atachuluka, makadi adayamba kusokonekera. Mu 1953 mkulu wa kampani ya American Airlines, C. R. Smith, adakhala moyandikana m'ndege ndi munthu wogulitsa makina a kampani ya IBM. Zokambirana zao zidabala kaundula wa pa kompyuta wotchedwa Sabre, amene adayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1964. Mu 1987 makampani anai a ndege a ku Ulaya adayambitsa wina wotchedwa Amadeus. Lero kalaliki wa ku Lilongwe ndi wa ku Johannesburg akhoza kuona tsamba limodzi lomwelo nthaŵi imodzi, ngakhale ali kutali.

Zimene amalemba za inu

Munthu akasungitsa malo, kompyuta imamutsegulira tsamba lakelake. Anthu a ndege amalitcha PNR. Tsambali silitsekedwa popanda zinthu 5 izi:

1. Dzina la wokwera.
2. Ulendo wake: ndege iti, tsiku liti, kuchokera kuti, kupita kuti.
3. Nambala ya foni yomupezerapo.
4. Za tikiti: ngati yagulidwa, kapena tsiku lomaliza kuigula.
5. Dzina la amene wapempha malowo.

Zonsezi zikalembedwa, kompyuta imapereka chizindikiro cha zilembo 6, zina mwa izo zikhoza kukhala manambala. Chizindikirochi chili ngati kiyi wa tsamba lanu. Mukachitchula kwa kalaliki, tsamba lanu limatuluka pomwepo.

Mukhozanso kulembetsa zosoŵa zanu. Ngati agogo sangathe kuyenda mtunda wautali pa bwalo la ndege, nenani msanga. Kalaliki alemba WCHR, ndipo akaŵakonzera njinga ya olumala.

Tiyeni tiŵerenge pamodzi

Dzina amalilemba moyambira ndi la bambo kapena la mtundu, kenaka kamzere, kenaka dzina loyamba. Tiyerekeze kuti wokwera ndi Mayi Maria Phiri. Papepala padzaoneka motere:

PHIRI/MARIA MRS

Makinaŵa salandira zizindikiro zina za m'chinenero chathu. Kachipewa ka pa ŵ kamachoka. Dzina la Ng'oma limasanduka NGOMA. Zimenezi zisakudetseni nkhaŵa. Koma chilembo chenicheni chikasintha kapena kusoŵa, pamenepo ndiye pali vuto.

Tsopano taonani mzere wa ulendo:

15MAR LLW JNB HK1 1330

15MAR ndiye kuti pa 15 Malichi. LLW ndi bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe. JNB ndi la ku Johannesburg. Bwalo lililonse lili ndi zilembo zake 3: la ku Blantyre ndi BLZ, la ku Lusaka ndi LUN, la ku Nairobi ndi NBO, la ku Addis Ababa ndi ADD. Nawo makampani ali ndi zizindikiro zao: ET ndi Ethiopian Airlines, KQ ndi Kenya Airways.

HK1 ndiye kuti mpando wa munthu mmodzi wasungidwa ndithu. Mukaona HL, dziŵani kuti mpando simunaupeze. Muli pa mndandanda wa odikira kuti wina alephere.

1330 ndi nthaŵi yonyamukira. Anthu a ndege amaŵerenga maola mpaka 24. Nambala ikapyola 12, chotsanipo 12. Choncho 1330 ndi hafu pasiti wani masana, ndipo 0130 ndi hafu pasiti wani usiku. Nthaŵi iliyonse yolembedwa ndi ya dziko limene bwalolo lili.

Kusungitsa malo si kugula tikiti

Apa mvetsetsani, anzanga, pakuti ndalama zimatayikira pomwepa. Munthu akhoza kukhala ndi chizindikiro cha zilembo 6 chija koma tikiti alibe. Malo adasungidwa, inde, koma ndalama sizinafike kwa eni ndege. Tsiku lomaliza likapita, malowo amafafanizidwa.

Kuyambira pa 1 Juni 2008, makampani a m'bungwe la ndege la IATA adasiya matikiti a timabuku. Tikiti tsopano imakhala m'kompyuta. Umboni wake ndi nambala ya manambala 13. Atatu oyamba amasonyeza kampani: 071 ndi Ethiopian Airlines, 706 ndi Kenya Airways. Ngati mwapereka ndalama kwa wokonza maulendo, funsani nambala imeneyi. Akakupatsani zilembo 6 zokha, musachoke. Imbani foni ku ofesi ya ndege kuti mutsimikize.

Papepala la mayi aja tidaipeza nambala ya tikiti. Koma tidapezanso cholakwa. Mwana wao adalembetsa dzina la bambo ake, pamene pasipoti ya mayiwo ili ndi dzina la kumtundu kwao. Akadapita choncho, akadabwezedwa pa bwalo. Mwanayo adathamangira ku ofesi, ndipo zidakonzedwa masiku akadalipo. Mayiwo adapita, chidzukulu adachiona.

Zoti muzikumbukira

Ikani pepala la ulendo pafupi ndi pasipoti. Yerekezani dzina chilembo ndi chilembo.

Onani tsiku, nthaŵi ndi zilembo za bwalo, popita ndi pobwera pomwe.

Mukalephera kukwera popita, uzani a ndege isananyamuke. Kaŵirikaŵiri munthu akapanda kuoneka, ulendo wobwerera umafafanizidwanso.

Chizindikiro chanu musachionetse kwa aliyense, ndipo musajambule pepalalo ndi kuika pa Facebook. Amene ali ndi chizindikirocho pamodzi ndi dzina lanu akhoza kutsegula tsamba lanu pa intaneti, mwinanso kusintha ulendo wanu.

Ndipo pamene simukumvetsa, funsani kalaliki mopanda manyazi. Ntchito yake ndi imeneyo. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Tchulani zinthu 5 zimene zimalembedwa pa tsamba la wokwera ndege.
2. Kodi HK ndi HL zikusiyana bwanji?
3. Kodi 1845 ndi nthaŵi yanji?
4. Lembani dzina lanu monga momwe lingaonekere pa pepala la ndege.