Kanyale Kofiira ka Oilo Kakayaka, Galimoto Iime Pomwepo

Masiku ano si cacilendonso m'Cigawo ca Kum'mawa kuona mlimi wa fodya, soya kapena thonje ali ndi galimoto yakeyake yamsinkhu, monga Prado, Pajero kapena Surf. Ambiri mwa magalimoto amenewa anagwirapo kale nchito ku Japan, ndipo amalowa m'dziko lino kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Nakonde. Zipatala nazonso zimadalira Land Cruiser ponyamula odwala a kumadera akutali monga Chama, Vubwi ndi m'cigwa ca Luangwa. Magalimoto otere saopa miyala kapena matope, koma ambiri agona pa njerwa kuseri kwa nyumba cifukwa ca kanyale kamodzi kofiira kamene woyendetsa anakanyozera.

Kanyale kameneka kali patsogolo pa woyendetsa, ndipo kali ndi cithunzi conga ketulo yodontha. Anthu ambiri amaganiza kuti kakayaka ndiye kuti oilo wacepa pang'ono, nati adzathira wina akafika pa Petauke kapena pa Katete. Maganizo amenewa ndi olakwa. Kanyaleka sikayesa kuculuka kwa oilo ayi, koma mphamvu imene oiloyo akukankhidwa nayo m'kati mwa injini.

Oilo amakhala m'sampu, kunsi kwa injini. Pampu imamukoka kupyolera m'kasefa ka waya, nimukankha kudutsa m'fyuluta, kenaka m'tinjira ting'onoting'ono kufikira ku mabeyaring'i. Kumeneko oilo wopyapyala kuposa tsitsi la munthu ndiye amalekanitsa zitsulo zimene zikuzungulira kambirimbiri pa sekondi imodzi. Mphamvu ija ikatha, citsulo cimakhudzana ndi citsulo cinzace, kutentha kumakula, ndipo m'mphindi zowerengeka mabeyaring'i amapsa. Pamenepo ndi pamene amakanika amati injini yanoka. Coyenera kudziwa n'cakuti kasuwichi koyatsa nyaleyi kamadikira mpaka mphamvu itatsala pang'ono kutheratu. Cotero kanyaleka kakayaka, nthawi yocenjeza inapita kale.

Pa galimoto yabwino, kanyaleka kamayaka munthu akatembenuza kiyi, ndipo kamazima injini ikangolira. Ngati sikayaka konse potembenuza kiyi, mwina babu inapsa, mwinanso wogulitsa wacinyengo anaicotsa dala pofuna kubisa matenda a injini; wogula galimoto ayenera kupenyetsetsa pamenepa asanapereke ndalama zace. Magalimoto ena ali ndi nyale yacikasu yonena za kucepa kwa oilo, imene ili yosiyana ndi yofiirayi, ndipo ma Land Cruiser ambiri ali ndi kamuvi kosonyeza mphamvu ya oilo.

Kakayaka galimoto ili pa ulendo, woyendetsa apatuke nazimitse injini nthawi yomweyo, ngakhale ali pakati pa mapiri a Manenekela usiku. Okwera adzadandaula, ena adzati tawuni ili pafupi, koma sadzakhalapo pa tsiku lolipira injini ina. Nkhaniyi imalemera koposa kwa woyendetsa ambulansi amene wanyamula mai wodwala pakati. Mtima umamuuza kuti apitirire. Komatu injini yopanda mphamvu ya oilo siingafike kutali, ndipo ikanoka m'chire wodwalayo adzacedwa koposa. Cothandiza ndico kuima pamene lamya ikugwira ndi kuitanitsa galimoto ina msanga, iye akufufuza vutolo.

Kufufuza kumayambira pa kacitsulo koyesera oilo. Galimoto ikhale pa malo osapendekera, padutse mphindi ngati 5 kuti oilo atsikire m'sampu, ndipo kacitsuloko kasololedwe, kapukutidwe ndi nsalu yoyera, kabwezedwe, kenaka kasololedwenso. Oilo ayenera kukhala pakati pa zizindikiro ziwiri. Akapezeka ali pansi, funso lalikulu ndi lakuti wapita kuti. Woyendetsa agwade nayang'ane kunsi kwa galimoto ndi mu mseu mmene wadzera. M'miseu ya miyala sampu imaboolwa kawirikawiri. Nthawi zina bauti yokhuthulira oilo siinamangidwe bwino, kapena posintha fyuluta mphira wakale anatsalira, watsopano n'kukhala pamwamba pace. Mphira ziwiri zotere zimataya oilo yense pa mtunda waufupi. Ngati palibe podontha kwambiri, athire oilo woyenera, amene pa injini zambiri zakale za dizilo ndi 15W-40, osapitirira cizindikiro capamwamba. Akaliza injini, kanyale kazime m'masekondi ocepa. Kakapanda kuzima, azimitsenso.

Kacitsulo komweko kamaulula zinanso kwa munthu wa maso. Oilo wopitirira cizindikiro, wopyapyala ndi wonunkha dizilo, ndiye kuti mafuta akulowa m'sampu. Wooneka ngati tiyi wamkaka wasakanikirana ndi madzi a m'radiyeta. Wokhala ndi tizidutswa tonyezimira akunena kuti mabeyaring'i ayamba kale kudyeka. Pa zitatu zonsezi injini isalizidwenso.

Mlandu wovuta ndi uja wakuti oilo ali wokwanira, ali bwino, koma kanyale kakuyakabe. Apa pali njira ziwiri: mwina kanyale kakunama, mwina kakunena zoona. Kunama kumacokera ku kasuwichi kakutha kapena ku waya. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe imacezeredwa ndi makoswe, ndipo waya wa kasuwichi akatafunidwa n'kukhudza citsulo, nyale imayaka popanda cifukwa. Pa injini zokhala ndi kasuwichi ka waya mmodzi, munthu angathe kuzula wayayo natembenuza kiyi osaliza injini: nyale ikayakabe, vuto lili pa waya. Ikazima, zangosonyeza kuti waya ali bwino. Sizinatsimikize kanthu za injini. Pamenepa ndi pamene eni magalimoto ambiri amataya cuma. Makanika wina amangosintha kasuwichi mongoyerekeza, ndipo wina woipitsitsa amasiya waya uja ali cizulire, mwini galimoto n'kucoka akukondwa kuti nyale yazima.

Mlanduwu umaweruzidwa ndi geji yokha. Makanika amamasula kasuwichi, namanga geji ya mphamvu ya oilo pamalo pomwepo, naiwerenga injini itatentha. Mwacitsanzo, pa injini ya 1HZ ya malita 4.2, imene yakhala mu Land Cruiser kuyambira mu 1990, mphamvu siiyenera kutsika pansi pa 0.3 bar injini ikungolira yokha, ndipo pa maulendo 3,000 pa mphindi iyenera kufika pa 2.5 bar kapena kupitirira. Injini ina iliyonse ili ndi manambala ace m'buku lace. Geji ikasonyeza mphamvu yokwanira, kasuwichi ndiko kolakwa, ndipo mtengo wace ndi wocepa. Mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa makanika ngati ali nayo geji imeneyi. Paja safunsa anadya phula.

Geji ikasonyeza mphamvu yocepa, kayakidwe ka nyale kamathandiza kuloza cifukwa. Nyale yophethira injini ikatentha ndi kulira yokha, nizima munthu akaponda mafuta, kawirikawiri imanena za mabeyaring'i okutha. Ena amathira oilo wolimba kwambiri kuti izime, koma kumeneko ndi kuphimba cilonda ndi nsalu. Mphamvu ikacepa pa liwiro lililonse, makanika ayang'ane pampu, kavalavu kace kocepetsa mphamvu kamene kangakanirire kali kotseguka, ndi kasefa ka m'sampu.

Kasefa kameneka kayenera kuchulidwa mwapadera kwa eni Prado, Hilux ndi Fortuner a injini ya dizilo ya 1KD ya malita 3. Pansi pa injekita iliyonse pali kawashala kotsekera. Kakayamba kutulutsa mpweya, utsi umalowa mu oilo nupanga zibuma zakuda, zimene zimatsikira m'sampu ndi kutseka kasefa pang'onopang'ono, kufikira pampu itasowa cokoka ngakhale oilo ali wodzaza. Kumasula sampu ndi kutsuka kasefa kokha sikukwanira. Mawashala aja asinthidwenso, apo ayi zibuma zidzabwerera.

Galimoto imene nyale yace yakana kuzima iyenera kunyamulidwa kapena kukokedwa kupita kwa makanika, ndipo ya magiya osintha okha isakokedwe mtunda wautali mawilo ali pansi, popeza giyabokosi nayonso ingaonongeke. Ikabwerera pa mseu, oilo ndi fyuluta zisinthidwe pa makilomita 5,000 alionse m'madera a fumbi, ndipo oiloyo akhale wa m'cigubu cosatsegulidwa, osati wa m'mabotolo a m'mbali mwa mseu amene palibe akudziwa kumene anacokera.