Nambala za pa Mapu ndi Kalata Yoyenda Nazo

Munthu akayang'ana mapu a masiku ano, amene amaonetsa nkhalango mobiriwira ndi nyanja mwa mtundu wa thambo, angayese kuti kompyuta yasunga chithunzi monga momwe maso ake achionera. Koma chimene chili m'katimo ndi timagawo miyandamiyanda, ndipo kagawo kalikonse kasenza nambala imodzi yokha. Mapu otchedwa WorldCover, amene bungwe la European Space Agency lidakonza kuti aonetse momwe dziko lidalili m'zaka za 2020 ndi 2021 kuchokera ku zithunzi za masetilaiti a Sentinel, adadula dziko lonse lapansi m'timagawo ta mamita 10 mbali zonse, nayika malo onse m'magulu 11: nambala 10 ndiyo mitengo, 40 minda, 50 malo omangidwa, 80 madzi osaphwa.

Tsono nambala zimenezi si zoyezera ayi, ndi maina chabe. Pakuti 80 sipambana 40 kawiri, monganso nyanja siili minda iwiri. Kompyuta imene sidauzidwe zimenezi, ikafuna kuchepetsa mapu, ikhoza kutenga munda ndi madzi oyandikana nawo, n'kufuna nambala ya pakati pa ziwirizo, n'kupeza 60, imene pa mapu omwewo itanthauza nthaka yaguwa yosowa zomera; ndipo taonani, chipululu chabadwa pamene padalibe chipululu. Choopsa china n'chakuti mabungwe sagwirizana pa kaperekedwe ka nambala. Pa WorldCover 95 ndi mitengo yomera m'madzi amchere m'mphepete mwa nyanja zazikulu, pamene pa mapu a NLCD a ku United States 95 yemweyo ndi dambo la udzu. Akulu adati safunsa adadya phula, koma nanga munthu adzafunsa yani, mwini mapu ali kutsidya kwa nyanja?

Chifukwa chake akatswiri adapangana kuti mapu asayende okha, koma aziyenda ndi kalata yowafotokoza, imene amaitcha metadata, ndi kuti kalatayo ilembedwe mwa dongosolo limodzi lakuti munthu ndi makina omwe azitha kuiwerenga. Bungwe la ISO lidakhazikitsa muyezo wake, ISO 19115, m'chaka cha 2003. Pa mapu a magulu, kalata yabwino itchula nambala iliyonse, dzina lake, mtundu woipaka, ndiponso nambala yoimira malo amene sadaoneke konse, kuti kusadziwa kungayesedwe chidziwitso.

Koma ine ndiona kuti mtima wa ntchito yonseyi uli pa tanthauzo, pakuti dzina lokha linyenga. Kodi nkhalango n'chiyani? Bungwe la FAO liti ndi malo oposa theka la hekitala, a mitengo yotalika kuposa mamita 5, imene nthambi zake ziphimba nthaka koposa magawo 10 pa 100 alionse, ndipo malowo asakhale ogwiritsidwa ntchito makamaka pa ulimi. Lingalirani tsono munda wa chimanga wa m'chigwa, momwe mlimi adasiyamo mitengo ya nsangu chifukwa masamba ake alemeretsa nthaka: woujambula m'chilimwe, nsangu zitavala masamba, angauwerengere ku mitengo, pamene woujambula m'dzinja, nsangu zitayoyola ndi chimanga chili chilili, adzati ndi munda, ndipo onse awiri adzakhala atanena zoona monga mwa muyezo wawo. Ngati kalata sinena muyezowo ndi nyengo yojambulira, wobwera m'mbuyo, poyerekeza mapu awiriwo, adzalengeza kuti nkhalango yatha kapena yabwerera, chonsecho palibe mtengo ndi umodzi womwe udagwa kapena kumera. Ndipo pa mawu akewo boma likhoza kumangapo malamulo okhudza anthu osalakwa.

Pofuna kuchiza nthenda imeneyi, FAO idakonza njira yotchedwa LCCS, imene sikakamiza mayiko kulandira mndandanda umodzi wa maina, koma ifuna kuti gulu lililonse lifotokozedwe ndi zinthu zoyezeka, monga mtundu wa zomera, msinkhu wake ndi kuthithikana kwake, kotero kuti magulu a mapu awiri osiyana athe kuyerekezedwa mwachilungamo. Maganizo amenewa adalowa mu muyezo wa ISO 19144-2 m'chaka cha 2012.