KODI WAYA WATSOPANO AYENERA KUZOLOWERA?

Anthu ambiri ogwira nchito m'migodi ya Nchanga ndi Mufulira amatumiza mawailesi ndi masipika kwa abale ao kumudzi, ena mpaka kwa Mfumu Chifunda m'boma la Chama, m'cigwa ca Luangwa. Tsono pali mau amene amveka pakati pa ogula ndi ogulitsa, akuti waya watsopano wa sipika satulutsa mau okoma kufikira atagwira nchito masabata angapo, monga nsapato yatsopano iyamba yaluma isanazolowere phazi. Kodi zimenezi nzoona?

Iai, si zoona. M'kati mwa waya muli mkuwa woyengedwa bwino, wonga umene apanga nao mawaya ku fakitale ya ZAMEFA ku Luanshya. Nchito yace ndi imodzi yokha, ndiyo kupititsa mphamvu ya magetsi. Mulibe kanthu koyenda kapena kokhulana, ndipo nyimbo sizifewetsa mkuwa. Monga waya agwira nchito tsiku loyamba, momwemonso adzagwira caka camawa.

Zilipo zina zimene zisinthadi. Wailesi ya Saucepan Special, imene inafika m'dziko muno m'caka ca 1949 pa mtengo wa £5, inali ndi mavavu ofuna kutentha asanagwire nchito, ndipo mau ace anali kucepa batire ikamatha. Sipika yatsopano nayonso ifewa pang'ono, pakuti pepala lace ligwedezeka polira. Koma cimene cizolowera koposa ndi khutu la munthu. Pakapita masiku munthu aiwala mamvekedwe oyamba, nayamba kuyamika waya.

Wokayika ayese motere: afulatire wailesi, ndipo mnzace asinthe waya wakale ndi watsopano, ofanana utali ndi kunenepa, osamuuza. Adzapeza kuti sangathe kuwasiyanitsa.

Ngati mau acepa kapena adukaduka, cilipo cobvuta ceniceni. Kapena waya ngwamtali ndi woonda kwambiri, kapena sanamangidwe zolimba, kapena nsonga zace zacita dzimbiri cifukwa ca cinyezi ca dzinja. Nsonga zotere azipale kufikira mkuwa uwale, nazimangenso. Makoswe naonso amatafuna mawaya kudenga.

Cifukwa cace munthu asalole kuuzidwa kuti adikire. Njira za ku Chifunda zibvuta kwambiri mvula ikagwa, ndipo cinthu cikafika kumeneko cili coonongeka, kucibweza ku sitolo nkosatheka, ndipo ndalama zimene munthu anazikhetsera thukuta pansi pa mgodi zapita cabe. Wanzeru ayesa waya pomwepo m'sitolo, asunga risiti, ndipo akakhutira ndiye amanga katundu wace wopita kumudzi. Waya amene salira bwino lero sadzacira ndi masiku.