Mugule njinga iti: yakale, yamagiya kapena yamagetsi?

Mwakolola. Mwagulitsa mpunga, nandolo kapena fodya, ndipo ndalama zili m'manja. Pakhomo mwagwirizana kuti chaka chino mugule njinga. Koma mukafika pamsika wa ku Insaca kapena m'masitolo a ku Cuamba, mupeza njinga zamitundumitundu. Mnyamata wanu akufuna yamagiya. Inu maso ali pa yakuda yakale ija. Mlamu wanu wobwera kutauni akuti kunja kwatuluka yamagetsi. Mumvera yani?

Funso ili si laling'ono. Kuno ku Mecanhelas njinga imanyamula chimanga kupita kuchigayo. Imatenga matemba kunyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Usiku mayi woyembekezera akayamba kudwala, nthawi zambiri ndi njinga yomweyo imene imamufikitsa kuchipatala. Mukagula molakwika, ndalama za chaka chonse zimagona kuseri kwa nyumba, zikuchita dzimbiri. Tiyeni tsono tizione imodziimodzi.

Yoyamba ndi njinga yakale, monga Hero ya ku India kapena Phoenix ya ku China. Ilibe magiya osinthasintha. Ndi yolemera, ndipo pachitunda mumatsika n'kuikankha. Koma ili ndi kaliyala yolimba, masipoko ake amapirira katundu, ndipo wokonza njinga aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa. Tcheni, chubu ndi mabuleki ake zimapezeka pamsika. Palinso njinga ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief linapangira misewu yakumudzi, ndipo imapezeka ku Malawi ndi ku Zambia. Kaliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Werengani nokha: thumba limodzi la chimanga ndi makilogalamu 50. Ndiye kuti ndi matumba angati?

Yachiwiri ndi yamagiya, yamatayala okhuthala. Njinga imeneyi inayambira ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970. Achinyamata a kumeneko ankafuna njinga yoseweretsa potsika mapiri. Sanaipangire thumba la makala. Ubwino wake ndi wakuti imakwera chitunda mosavuta ndipo imathamanga. Zambiri zili ndi magiya 3 kutsogolo ndi 7 kumbuyo. Chulukitsani 3 ndi 7, mupeza 21. Kwa mwana wa sukulu yakutali, mphunzitsi, kapena wazaumoyo woyendera midzi, njinga iyi ndi yabwino. Vuto lake lili kumbuyo, pa kachitsulo kosintha magiya. Kamalendewera pafupi ndi nthaka, ndipo kakagunda chitsa kamapindika. M'dzinja matope a makande a m'madambo athu amamatirira pamenepo, tcheni n'kuyamba kugwa. Zambiri zimabweranso popanda kaliyala, ndipo ngati inagwirapo kale ntchito kunja, zitsulo zake zina sizipezeka pafupi.

Yachitatu ndi yamagetsi. Ili ndi kainjini kakang'ono ndi batire. Mumapalasa pang'ono, iyo n'kukuthandizani. Ku China anthu ambirimbiri amayendera njinga zotere. Kwa munthu wachikulire kapena wovutika maondo, ndi yosiririka ndithu. Koma batire limafuna kutchajidwa kwa maola angapo. Kodi magetsi a EDM anafika pakhomo panu? Kasola kakang'ono kotchajira foni sikangalidzaze msanga. Katundu wolemera ndi mchenga zimamaliza moto mofulumira. Moto ukathera pakati pa njira, mudzapalasa njinga yolemera kuposa zina zonse. Patapita zaka zochepa batire limafooka, ndipo latsopano ndi lodula. Boma la Mozambique lili ndi cholinga choti pofika chaka cha 2030 magetsi afikire aliyense. Akadzafika m'mudzi mwanu, pamodzi ndi amisiri odziwa kukonza njinga zotere, nkhaniyi tidzaikambanso. Pakali pano kumbukirani mawu a akuluakulu: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musanatulutse ndalama, dzifunseni mafunso anayi. Njingayi izinyamula chiyani? Iziyenda njira yotani, yamchenga, yamatope kapena yamapiri? Ikaonongeka, adzakonze ndani, ndipo ali kutali bwanji? Nanga azikwera ndani?

Funso lomalizali abambo ambiri amalidumpha. Mayi wina wa m'kalasi ya kwacha anandiuza kuti amuna awo anagula njinga yaitali, yokhala ndi chitsulo chopingasa pakati. Iwo atavala chitenje sankatha kuikwera. Tsiku lina mwana anatentha thupi, bambo ali kunyanja. Njinga inali m'nyumba, koma mayiwo anabereka mwanayo n'kuyenda wapansi mpaka kuchipatala. Ndalama yogulira njingayo anailimira onse awiri. Choncho pitani kumsika limodzi. Mayi ayese kukwera, aone ngati mapazi akufika pansi ndiponso ngati zala zikugwira bwino mabuleki.

Mukagula, pemphani risiti. Apa ndi pamene kuwerenga ndi kulemba kumakuthandizani. Njinga zambiri zili ndi nambala yodindidwa pachitsulo, kawirikawiri kunsi, pakati pa mapedulo. Itembenuzeni, muwerenge nambalayo, muilembe m'kope mwanu. Onetsetsani kuti yalembedwanso pa risiti, pamodzi ndi tsiku ndi mtengo wake. Njinga ikabedwa, pepala limenelo ndi umboni wanu kupolisi. Munthu akakutsatsani njinga yotchipa kwambiri koma akukana kulemba dzina lake, musiyeni. Mwina ndi yakuba.

Pamsewu, lamulo ndi limodzi kwa njinga zonse zitatu. Ku Mozambique, monganso ku Malawi, timayenda kumanzere. Usiku khalani ndi nyali yoyera kutsogolo ndi chowala chofiira kumbuyo. Musakwere mutamwa mowa. Njanji yochokera ku Nayuchi imalowa kwathu pa Entre-Lagos kupita ku Cuamba, ndipo pamadutsa sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize kupita kudoko la Nacala. Sitima yotere singaime msanga. Mukafika panjanji tsikani, yang'anani uku ndi uku, mumvetsere, kenako muwoloke mukukankha njinga.

Mukandifunsa ine, ndikuuzani chonchi. Ngati pakhomo pakhala njinga imodzi yokha, gulani yolimba, yakaliyala, imene mayi ndi bambo onse angakwere ndipo ingakonzedwe pamsika wapafupi. Yamagiya idzakhale yachiwiri, ya mwana wa sukulu. Musawononge ndalama zonse pogula. Sungani zina za pampu, chubu, guluu ndi mafuta a tcheni.

Sabata ino m'kalasi, lembani mafunso anayi aja m'kope. Kafunseni mitengo ya njinga ziwiri ndi ya zitsulo zake, mudzaiwerengere pamodzi ndi anzanu.