Mwana Wosamvetsera M'kalasi: Kodi Tamuyezetsa Maso?

Ife aphunzitsi timafulumira kunena kuti mwana ndi waulesi kapena wamakani. Koma kuno ku Mafinga, kusekondale ngakhalenso kumadrasa, taona kuti nthawi zina vuto limakhala maso.

Mwana amene saona bwino patali akakhala kumbuyo, zolemba pabolodi zimangomuonekera mbuu. Amayamba kusuzumira m'kope la mnzake, ife n'kumati akulongolola. Wina amaona bwino patali koma buku limamutopetsa: akawerenga pang'ono mutu umamupweteka, amatikita maso, kenako n'kuyamba kusewera. Kumadrasa zimaonekera msanga. Zilembo ba, ta ndi tha zimasiyana timadontho tokha, ndiye mwana akamazisokoneza tsiku ndi tsiku tisathamangire kumukalipira. Mwiniwake sadandaula, pakuti amayesa kuti aliyense amaona choncho.

Makolo, yesani kunyumba. Phimbani diso limodzi la mwana, atchule chinthu chimene chili patali, kenako phimbani linalo. Diso limodzi likhoza kukhala lofooka, linzake n'kumagwira ntchito lokha popanda wozindikira, ndipo vuto limeneli limathandizika bwino mwana asanapitirire zaka 7 kapena 8. Diso loyang'ana kumbali nalonso musalilekerere.

Si mwana aliyense wosakhazikika amene ali ndi vuto la maso ayi. Njala ndi vuto la makutu zimachititsanso zomwezo. Mukakayikira, pitani naye kuchipatala cha boma ku Chitipa, ndipo zikavuta amatumiza kuchipatala chachikulu cha Mzuzu. Podikira magalasi, auzeni aphunzitsi ake amukhazike kutsogolo.