Korali ikayera, kodi yafa?

Ntchito yanga ndi yosamalira matanki agalasi a madzi amchere m'nyumba za anthu, ndipo funso limene limandipeza kawirikawiri n'lakuti: "Korali yanga yayera, kodi yafa?" Ndimayankha kuti kuyera kulipo kuwiri.

Ambiri amaiyesa mwala kapena chomera, komatu korali ndi nyama. Ndi gulu la tizamoyo ting'onoting'ono tomwe timamanga chigoba cha laimu n'kuchikuta ndi mnofu wopyapyala. M'mnofumo mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zotchedwa zooxanthellae, zomwe zimaipatsa chakudya komanso mtundu. Madzi akatentha kwambiri, korali imatulutsa nderezo n'kuyera mbee, koma mnofu ukadalipo. Madziwo akakhalanso bwino msanga, imatha kuchira.

Kuyera kwa matenda n'kwina. Pa korali yanthambi yotchedwa Acropora, mnofu umasupuka ngati khungu la munthu wopsa ndi moto, nthawi zambiri kuyambira patsinde. Madzulo mzere woyera uli m'munsi, kukacha wafika kunsonga, ndipo chimene munthu walera zaka zambiri chatsala chigoba chokhachokha. Ife timangoti RTN. Pa korali ina yotchedwa Euphyllia pamamera zonanda zofiirira, zonunkha, zomwe zimatengedwa ndi madzi n'kukagwera korali zina.

Zikatere musazengereze. Zimitsani mapampu, yamwani zonandazo ndi kapaipi, dulani nthambi zamoyo patali ndi mzere woyera, muziike m'thanki ina. Chotsalacho tayani. Zimawawa, koma kanthambi kamodzi kopulumuka kamadzakulanso.

Mabakiteriya monga Vibrio amapezeka pa korali yodwala, koma kawirikawiri amapezerera imene yafooka kale. Choifooketsa ndi kusinthasintha kwa madzi. Korali imafuna kutentha kwa madigiri 25 kapena 26, mchere wa magalamu pafupifupi 35 pa lita, ndi alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) yokhazikika, lero ndi mawa chimodzimodzi. Korali yatsopano iyambe yakhala payokha milungu ingapo isanalowe m'thanki yaikulu.

Kunyanja nakonso vutoli lilipo. Mu 2014, ku Florida kudabuka matenda osupula mnofu wa korali omwe adafalikira ku Caribbean, ndipo akatswiri amapaka mankhwala a amoxicillin pamabala ake. Koma musathire mankhwala otere m'thanki yanu mwachisawawa, chifukwa angaphenso mabakiteriya abwino oyeretsa madzi. Yezani madzi anu sabata iliyonse n'kumalemba m'kope, pakuti manambala amayamba kusokonekera korali isanayere.